Amene amagula zambiri ndi amene amawongolera fakitale ya ma chip

Makampani amene akadali pa mpikisano wopanga ma chip (tizipangizo tating'ono ta silikoni tomwe ndi ubongo wa foni kapena kompyuta) apamwamba kwambiri ochuluka, aja a m'mafoni odula ndi m'makompyuta a AI, atsala atatu: TSMC ya ku Taiwan, Samsung ya ku South Korea ndi Intel ya ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 analipo oposa 20. Enawo sikuti nzeru zinawathera. Chinawagwetsa ndi kusowa wogula wokwanira kudzaza fakitale, ndipo fakitale yosadzaza imadya mwini wake.

Fakitale imodzi yamakono imafuna madola 20 biliyoni kapena kuposa apo. TSMC inawononga pafupifupi madola 30 biliyoni mu 2023 pa nyumba ndi makina, ndipo mu 2024 inawononganso ndalama zangati zomwezo. M'mabuku ake, mtengo wa makinawo umawerengedwa kuti watha pakapita zaka zisanu, kaya agwira ntchito kaya angokhala. Choncho asanathire maziko, akuluakulu a kampani amafuna adziwe kaye kuti ndani adzagula ma wafer masauzande makumi angapo mwezi uliwonse kuyambira tsiku lotsegulira. Wafer ndi mbale yopyapyala ya silikoni, ya mamilimita 300 kupingasa kwake, pomwe amajambulapo ma chip ambirimbiri nthawi imodzi kenako n'kuwadula.

Koma ndalama ndi mbali imodzi chabe. Pali chinthu china chimene wogula wamkulu amabweretsa, chomwe sichingagulidwe kwina kulikonse, ndicho mwayi woti fakitale iphunzire.

Wafer imadutsa m'magawo a ntchito oposa 1,000 ndipo imatenga miyezi itatu kapena inayi isanatuluke. Pa gawo lililonse pakhoza kugwa kafumbi, mzere ungajambulidwe wopotoka pang'ono, kapena kabowo kolumikiza nthambo ziwiri kangakane kutseguka. Akatswiri amawerenga zilema zimenezi pa sikweya sentimita iliyonse, ndipo kuchuluka kwa ma chip abwino otuluka pa wafer amakutcha yield. Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti luso ndi latsopano ndipo pali chilema chimodzi pa masikweya sentimita awiri alionse. Chip ya foni ya masikweya milimita 100 imapulumuka ka 61 pa 100 alionse. Chip yaikulu ya masikweya milimita 800 imakumana ndi zilema zinayi, ndiye zotuluka zopanda banga sizikwana ziwiri pa 100. Zilema zikachepa kufika pa chimodzi m'masikweya sentimita khumi, chip ya foni ifika pa 90, yaikulu ija ifika pa 45. Pa wafer imodzi pamakwana ma chip a foni oposa 600, pomwe aakulu aja amangokwana 60 ndi pang'ono.

Nanga zilemazo zimachepa bwanji? Zimachepa pokhapokha ma wafer ochuluka akamadutsa m'makina, mainjiniya n'kumayeza zotuluka, kupeza makina kapena mankhwala amene akubweretsa vuto, kukonza, kenako kuyezanso. Zili ngati woumba njerwa amene amadziwa uvuni wake atauwotcha kangapo: mbali yomwe moto sufika, mbali yomwe njerwa zimasweka. Vuto lomwe limaoneka kamodzi pa ma wafer 500 simungalione ngati mukupanga ma wafer 200 pa mwezi. N'chifukwa chake m'badwo watsopano wa luso umafuna wogula woyamba amene ali ndi zinthu zitatu pamodzi: chip yaing'ono yopirira zilema, oda yaikulu, ndi thumba lotha kulipira ma wafer odula pamene yield idakali yotsika. Kwa zaka pafupifupi khumi, kampani imodzi yokha ndi imene inali ndi zitatu zonsezi mokwanira.

Apple ndi TSMC

Morris Chang anayambitsa TSMC mu 1987 ku Hsinchu ndi lonjezo loti kampaniyo sidzapanga chip ya dzina lake, idzangopangira ena. Lonjezoli linadzapindula kwambiri patapita zaka zoposa 20. Ma chip oyambirira a iPhone, mpaka A7 ya mu 2013, ankapangidwa ndi Samsung, kampani yomwe inkagulitsanso mafoni a Galaxy ndipo kuyambira 2011 inkakokana ndi Apple m'makhoti. Kupereka mapulani a chip yako yamawa kwa mdani wako wa pamsika si chinthu chogona nacho tulo. Intel nayo inali itakana kupanga chip ya iPhone yoyamba, ndipo Paul Otellini, yemwe ankaitsogolera, anavomera yekha mu 2013 kuti sanawerengere bwino kuchuluka kwa mafoni omwe adzagulitsidwe.

A8 ya mu iPhone 6, ya mu 2014, inatuluka ku TSMC pa m'badwo wa 20 nanomita. Jeff Williams wa ku Apple anafotokoza mu 2017, pa chikondwerero cha zaka 30 za TSMC, kuti kampaniyo inaika madola 9 biliyoni ndi anthu 6,000 ogwira usana ndi usiku ku Tainan kuti fakitale ikonzeke m'miyezi 11. Mu 2015 Apple inagawa oda ya A9 pakati pa Samsung ndi TSMC, ndipo ogula anayamba kuyerekeza kuti foni iti ikusunga batire nthawi yaitali. Kuyambira A10 ya mu 2016, zonse zinapita ku TSMC. A12 inatsegulira 7 nanomita mu 2018, A14 inatsegulira 5 nanomita mu 2020, A17 Pro inatsegulira 3 nanomita mu 2023. M'malipoti ake a pachaka TSMC satchula dzina la wogula wake wamkulu, imangomupatsa chilembo, koma aliyense ankadziwa kuti kuyambira 2018 mpaka 2024 anali Apple, amene ankabweretsa pakati pa 22 ndi 26 pa 100 alionse a ndalama zonse za kampaniyo.

Tisapusitsidwe ndi manambala a nanomitawa. Kale ankanena kukula kwa kachigawo kena ka transistor, kaswitchi kakang'ono kwambiri ka magetsi ka mkati mwa chip, koma masiku ano ndi maina a mibadwo basi, ndipo 3 nanomita ya kampani ina siifanana ndi ya kampani inzake.

Wogula wotere salowa pakhomo luso litapsa kale. Amalowa zaka ziwiri kapena zitatu zisanafike, pamene fakitale ili ndi malamulo ongoyerekeza a kajambulidwe: mizere iyandikane mpaka pati, transistor itulutse magetsi ochuluka bwanji, kachipinda ka memory kakule motani. Zonsezi zimaikidwa m'mpukutu wa mafayilo womwe amautcha PDK, ndipo umatuluka pang'onopang'ono, kuyambira 0.1, kudzera 0.5, mpaka 1.0. Wogula woyamba amayamba kujambula chip yake pa PDK yosakhwima, n'kumatumiza tima chip toyesera, n'kumabweza madandaulo. Akanena kuti lamulo lakuti likumuwonongera malo, fakitale imaona ngati ingalifewetse. Fakitale ikanena kuti mzere wakuti sukujambulika bwino, wogula amasintha pulani yake. Pofika tsiku limene PDK 1.0 ikuperekedwa kwa wina aliyense, malamulo ake amakhala atasemedwa kale potengera chip ya amene anafika poyamba. Kenako pamabwera nthawi yopanga zochepa moyesera, wogula akudziwa kuti zambiri zitha kutayika, ndiyeno kupanga kochuluka.

China chimene Apple inabweretsa ndi kalendala yosasuntha. iPhone yatsopano imatuluka cha mu September chaka chilichonse, ndipo mafoni oposa 200 miliyoni amagulitsidwa pa chaka. Kuti chip ifike kwa omanga mafoni nthawi yake, ma wafer ayenera kulowa m'makina miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Fakitale singanene kuti tidikireni mpaka Khirisimasi. Izi zinaphunzitsa TSMC kuyenda mapazi aafupi koma chaka ndi chaka: m'badwo waukulu, kenako m'badwo womwewo wokonzedwa pang'ono, kenako wina. Intel inayesa kulumpha patali kamodzi ndi 10 nanomita yake, kufuna kupanikiza ma transistor ochuluka kuwirikiza 2.7, ndipo luso lomwe linkayembekezeka cha mu 2016 linadzayamba kutuluka mochuluka mu 2019. Popeza wogula wa fakitale za Intel anali Intel yemweyo, panalibe wakunja woti aopseze kuti achoka.

Luso losokedwa pa thupi la munthu mmodzi silikwana aliyense. M'badwo wa 20 nanomita unali wabwino kwa chip ya foni, koma ma transistor ake ankataya magetsi kwambiri akawathamangitsa. Nvidia ndi AMD, makampani a ku America ojambula ma chip a makompyuta, anaudumpha pa ma chip awo aakulu a zithunzi, anakhalabe pa 28 nanomita mpaka 2016. M'badwo wa 10 nanomita wa TSMC nawo unatumikira mafoni n'kuzimiririka msanga. Ndipo 3 nanomita yoyamba, yotchedwa N3B, inali yodula ndi yovuta kupanga moti ogula ambiri anadikira N3E, yomwe inachepetsa magawo ojambulidwa ndi makina odula kwambiri. Amene amafika poyamba amalipira mtengo wa kuphunzira, koma amapezanso chaka chathunthu ali yekha kutsogolo.

Amene amagulitsa makina nawo ali ndi ogula ake

Nkhani yomweyi imabwerezeka tikakwera sitepe imodzi. Makina ojambulira mizere pa wafer apamwamba kwambiri amapangidwa ndi kampani imodzi yokha, ASML ya ku Veldhoven, m'dziko la Netherlands. Makina akale amagwiritsa ntchito kuwala kwa 193 nanomita, ndipo apa nanomita ndi muyeso weniweni wa funde la kuwalako, osati dzina la m'badwo. Makampani ambiri atafuna kupita ku 157 nanomita, Burn Lin wa ku TSMC analimbikira mu 2002 kuti bola kuthira madzi pakati pa galasi ndi wafer, kuwala komweko kuzijambula mizere yopyapyala. ASML inamvera wogula wake, ndipo njira ya 157 inafa.

Kuwala kwa EUV, kwa 13.5 nanomita, kunali kovuta koposa. Kumapangidwa powomba timadontho ta chitsulo cha tin ndi laser yamphamvu, madontho 50,000 pa sekondi iliyonse. Kuwala kumeneku kumamezedwa ndi mpweya ngakhalenso galasi wamba, choncho kumayenda m'chipinda chopanda mpweya, kukuwongoleredwa ndi akalilole osalala modabwitsa opangidwa ndi Zeiss ku Germany. Kwa zaka zambiri kuwalako kunali kofooka moti makina sakanatha kujambula ma wafer okwanira pa ola. Mu 2012 ASML inapempha ogula ake atatu kuti alowe m'thumba. Intel inagula 15 peresenti ya kampaniyo, TSMC 5 peresenti, Samsung 3 peresenti, zonse pamodzi ma euro 3.85 biliyoni, ndipo anawonjezera ma euro 1.38 biliyoni a kafukufuku wa zaka zisanu. Chaka chotsatira ASML inamaliza kugula Cymer ya ku San Diego, yomwe inkapanga gwero la kuwalako.

Gawo lina la ndalama zija linali la ma wafer aakulu a mamilimita 450. Ntchito imeneyo inaima posakhalitsa, popeza ogula sanamvane za nthawi yoyambira, ndipo wopanga makina sangasule zida zatsopano za fakitale yonse chifukwa cha wogula mmodzi. EUV yokha ndi imene inapulumuka. Chodabwitsa n'chakuti Intel, yomwe inaika zambiri, ndi imene inachedwa kuigwiritsa ntchito. TSMC ndi Samsung anayamba mu 2019, ndipo chip yodziwika yoyamba ya TSMC pa EUV inali Kirin 990 5G ya Huawei. Intel inadzayamba kupanga zochuluka ndi EUV mu 2023.

Nthawi ya Nvidia

Kumayambiriro kwa 2022, ndalama zomwe TSMC imapeza ku ma chip a makompyuta amphamvu zinaposa za mafoni, ndipo mu 2024 zinali 51 peresenti pomwe mafoni anali 35. Wogula wa mtundu wina anafika, ndipo zofuna zake ndi zosiyana kwambiri.

Chip ya H100 ya Nvidia ndi ya masikweya milimita 814. Makina a ASML amajambula malo a mamilimita 26 kwa 33 nthawi imodzi, omwe ndi masikweya milimita 858, ndiye kuti H100 yatsala pang'ono kugunda khoma. Chip yotere singakhale yoyamba pa m'badwo watsopano, masamu a zilema aja sangalole. N'chifukwa chake H100 inatuluka mu 2022 pa luso la banja la 5 nanomita, lomwe Apple inali italitsegulira zaka ziwiri m'mbuyomo. Ngakhale pamenepo, Nvidia imajambula zigawo zowerengera 144 pa chip koma imayatsa 132 pa mtundu wake wamphamvu, kuti chip yokhala ndi chilema m'zigawo zochepa igulitsidwebe.

Popeza chip imodzi singakulenso, njira yotsala ndi kulumikiza ma chip angapo moyandikana kwambiri. Ntchito imeneyi, yomwe amaitcha packaging, kale inkaonedwa ngati yonyozeka, yongokutira chip m'pulasitiki. TSMC inapanga njira yotchedwa CoWoS cha mu 2011 ndi 2012: chip yaikulu ndi milu ya memory zimakhala pa kambale kena ka silikoni kokhala ndi nthambo zikwizikwi zopyapyala. Poyamba inapeza ogula ochepa, makamaka Xilinx, chifukwa inali yodula. TSMC inapanganso njira ina yotchipa ndi yopyapyala, InFO, imene Apple inaitenga pa A10. CoWoS inangokhala pambali ikutumikira ma oda ang'onoang'ono, kuphatikizapo P100 ya Nvidia ya mu 2016.

Pulogalamu ya AI ya ChatGPT itatuluka kumapeto kwa 2022, zinthu zinatembenuka. M'chaka cha 2023 chomwe chinkachedwetsa ma H100 sichinali ma wafer a transistor ayi, chinali malo ochitira CoWoS. TSMC inanena poyera kuti ikuwirikiza kawiri mphamvu yake ya CoWoS mu 2024, ndiponso mu 2025. Ntchitoyi ili ndi mavuto akeake. Kambale kapansi kaja kakakula kamapindika pakatentha, chifukwa silikoni ndi zinthu zomuzungulira sizifutukuka mofanana, ndipo timfundo ta chitsulo tolumikiza timatha kuthyoka. Chip iliyonse iyenera kuyezedwa isanaikidwe, popeza mulu umodzi woipa wa memory umawonongetsa chip yodula imene yamatidwa nawo limodzi. Blackwell ya Nvidia, yolengezedwa mu 2024, imalumikiza ma chip awiri aakulu ndipo inafuna mtundu watsopano wa CoWoS wokhala ndi timilatho ta silikoni m'malo mwa mbale yathunthu.

Memory yomwe imaunjikidwa pambali pa chip, yotchedwa HBM, imapangidwa ndi SK hynix, Samsung ndi Micron. Kumeneko mawu a Nvidia ndi olemera kwambiri moti kupambana mayeso ake kumasuntha mtengo wa masheya a kampani. SK hynix inatsogola chifukwa inakhalabe pa HBM pamene msika wake unali waung'ono, ndipo Samsung, yomwe yakhala mfumu ya memory kwa zaka zambiri, inatsalira pa m'badwo wa HBM3E. Mu 2024 SK hynix inalengeza kuti kachip kapansi pa mulu wa HBM4 kadzapangidwa mogwirizana ndi TSMC.

Ngakhale transistor yeniyeniyo yayamba kutsatira wogula watsopanoyu. Chip ya foni imadya mawati ochepa, pomwe H100 imafika pa mawati 700. Kulowetsa magetsi ochuluka chonchi kudzera m'nthambo zomwe zikulimbirana malo ndi nthambo za mauthenga kumagwetsa mphamvu m'njira. Yankho lake ndi kupititsa nthambo za magetsi kuseri kwa wafer, zomwe zimafuna kuipala mpaka itapyapyala kwambiri. Intel inaika zimenezi mu m'badwo wake wotchedwa 18A. TSMC sinaziike mu 2 nanomita yake yoyamba, inazisungira m'badwo wake wina wotchedwa A16 (osati chip ya Apple), ndipo imanena yokha kuti umenewu ndi woyenera ma chip a makompyuta amphamvu. Kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri, pali m'badwo womwe sunasemedwe poganizira foni.

Pamakina atsopano a ASML otchedwa High-NA, omwe amodzi amadula madola oposa 350 miliyoni, ogula agawanikanso. Oyamba anatumizidwa kwa Intel ku Oregon kumapeto kwa 2023. TSMC ikuzengereza, ndipo mtengo si chifukwa chokhacho. Makinawa amajambula theka la malo aja, mamilimita 26 kwa 16.5, ndiye chip yaikulu iyenera kujambulidwa kawiri n'kusokedwa pakati. Fakitale yomwe ogula ake olemera amafuna ma chip aakulu ili ndi chifukwa chomveka chodikirira.

Opanda wogula

GlobalFoundries inabadwa mu 2009 AMD itapatula mafakitale ake, ndi ndalama zochokera ku Abu Dhabi. Mu August 2018 inalengeza kuti yasiya kupanga 7 nanomita. Wogula wake wamkulu pa luso limenelo akanakhala AMD, ndipo oda ya AMD ya nthawi imeneyo siikanabweza mabiliyoni ofunika. AMD inasamukira ku TSMC, n'kutulutsa ma chip ake a Zen 2 mu 2019 pa m'badwo womwe mafoni anali ataukhwimitsa kale, ndipo inayamba kulanda msika wa Intel. Apa mpamene ubwino wa fakitale ya anthu ambiri umaonekera: zomwe Apple ndi Huawei analipira pophunzitsa makina, AMD inadzakolola.

Samsung inayamba kupanga 3 nanomita mu June 2022 ndi transistor ya mtundu watsopano yomwe chipata chake chimazungulira njira ya magetsi mbali zonse, zaka zitatu TSMC isanafike pamenepo. Kukhala woyamba sikunathandize. Qualcomm, kampani yojambula ma chip a mafoni, inali itapangitsa chip yake ya Snapdragon 8 Gen 1 ku Samsung, mafoni ake n'kumatentha, ndipo pasanathe chaka inatulutsa 8+ Gen 1 kuchokera ku TSMC, yothamanga koma yodya batire pang'ono. Nvidia, yomwe inapangitsa RTX 30 ku Samsung mu 2020, inabwerera ku TSMC. Google inasamutsa chip yake ya Tensor mu 2025. Wogula aliyense wochoka amapita ndi ma wafer omwe akanaphunzitsa fakitale, yield imachedwa kukwera, ndipo wogula wotsatira amaona manambalawo n'kubwerera pakhomo. Mgwirizano wa madola 16.5 biliyoni umene Samsung inasaina ndi Tesla mu July 2025, wa fakitale ya ku Taylor ku Texas, uyenera kuwerengedwa motero. Phindu lake lenileni ndi ma wafer oyenda m'makina kwa zaka zingapo.

Intel inatsegula mafakitale ake kwa anthu akunja mu 2021, Pat Gelsinger akutsogolera. Vuto lake ndi lija la Samsung: amene akanakhala ogula ake aakulu, monga AMD, ndi opikisana nawo. Vuto lina ndi la chizolowezi. Fakitale yomwe yakhala ikutumikira mainjiniya a m'nyumba momwemo imakhala ndi malamulo ambiri osalembedwa, pomwe wakunja amafuna PDK yathunthu yogwirizana ndi mapulogalamu ojambulira ma chip a makampani a Synopsys ndi Cadence, pamodzi ndi zigawo zojambulidwa kale zoti angotenga n'kuika. Mu July 2025, pansi pa mtsogoleri watsopano Lip-Bu Tan, Intel inalemba m'lipoti lake kwa oyang'anira msika wa masheya kuti ikapanda kupeza wogula wamkulu wakunja wa m'badwo wa 14A, ikhoza kuuimitsa kapena kuusiya. Kampani yomwe inatsogolera dziko kwa zaka makumi ambiri inavomera kuti ma oda ake okha sakukwananso kulipirira m'badwo wotsatira. Patangopita mwezi umodzi, boma la America linatenga pafupifupi 10 peresenti ya masheya ake.

Boma likalowerera

Mndandanda wa ogula ungasinthidwenso ndi cholembera cha boma. Mu 2019 Huawei inali wogula wachiwiri wa TSMC. Malamulo a America a mu May 2020 analetsa fakitale iliyonse yogwiritsa ntchito makina a ku America kuipangira ma chip popanda chilolezo, ndipo TSMC inasiya kutumiza pa 15 September chaka chomwecho. Malo a Huawei anadzazidwa msanga ndi ena omwe ankadikira pamzere. Huawei inatembenukira ku SMIC ya ku China, ndipo mu 2023 foni ya Mate 60 Pro inatuluka ndi chip ya 7 nanomita yopangidwa popanda EUV, pojambula gawo limodzi kangapo ndi makina akale. Njira imeneyi imachulukitsa masitepe ndi zilema, koma SMIC inapeza chimene inkasowa: wogula wamkulu amene alibe kwina kopita.

Malo omangapo mafakitale nawo amatsatira ogula. TSMC inalengeza za fakitale ya ku Arizona, m'dziko la America, mu May 2020 ndi madola 12 biliyoni, ndipo pofika March 2025 lonjezo linakwera kufika pa 165 biliyoni. Pa mwambo wolowetsa makina mu December 2022 panali Tim Cook wa Apple, Lisa Su wa AMD ndi Jensen Huang wa Nvidia, ndipo kupezeka kwawo kunali chikole choti ma wafer odula a ku America adzapeza wowagula. Ku Kumamoto ku Japan, Sony ndi Denso analowa ngati eni masheya a fakitale, kenako Toyota. Ku Dresden ku Germany kuli Bosch, Infineon ndi NXP. Mafakitale awiri omalizawa anakonzedwa kuti ayambire pa mibadwo yakale, chifukwa ndi imene ogula a kumeneko amafuna pa makamera ndi magalimoto.

Amene sagula zambiri amaima kumbuyo kwa mzere, ndipo zimaoneka bwino zinthu zikasowa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utayamba, makampani a magalimoto anachepetsa ma oda awo a ma chip poganiza kuti anthu sagula magalimoto. Malo awo m'fakitale anatengedwa ndi opanga makompyuta ndi zida za pakhomo. Atabwerera patapita miyezi yochepa, anapeza kuti wafer singafulumizitsidwe, ndipo mu 2021 mafakitale a magalimoto m'maiko ambiri anaima chifukwa cha tima chip totchipa. Kuchokera nthawi imeneyo, mapangano olipiriratu ndi olonjeza kugula kwa zaka zingapo anachuluka, zomwe zimapatsanso mphamvu amene ali ndi ndalama zambiri m'manja.

Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix omwe amagulitsidwa ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka ali ndi ma chip a MediaTek kapena Unisoc. Helio G85 ya MediaTek inapangidwa pa 12 nanomita, Helio G99 pa 6 nanomita, yomwe ndi mphukira ya 7 nanomita ija ya mu 2018. Pofika nthawi imene mibadwo imeneyi ikufika pa foni yotchipa, makina ake amakhala atabweza kale ndalama ndipo yield ili pamwamba, n'chifukwa chake chip imatsika mtengo. Zimenezi zinkayenda bwino pamene wotsogolera anali foni, popeza chilichonse chosemedwa kuti chisunge batire ya iPhone chinkathandizanso foni ya mtengo wotsika patapita zaka zinayi kapena zisanu. Nthambo za magetsi za kuseri kwa wafer, CoWoS ndi milu ya HBM zapangidwira makina odya mawati mazanamazana m'nyumba zoziziritsidwa ndi madzi, ndipo zambiri mwa izo sizidzatsikira pa foni yotchipa. Opanga memory akamapatutsa ma wafer awo kupita ku HBM, yomwe imadya silikoni wochuluka pafupifupi katatu pa memory yofanana, memory wamba ya m'mafoni imachepa pamsika ndipo mtengo wake umakwera, monga zinayamba kuonekera kumapeto kwa 2025.